Lero tatsegula sutikesi ya agogo

Loweruka, usiku. Ndangofika kumene kunyumba, miyendo ili mbuu ndi fumbi koma tulo palibe, ndiye ndati ndilembe kaye zisanandithawe mmutu.

Ndinadzuka 4 koloko mmawa kuti ndikapeze minibasi yoyamba ku depoti. Azakhali anandiimbira Lachitatu kuti chaka chakwana chimwalirireni agogo, bwera tidzatsegule katundu wawo, iweyo ndi amene unakulira pa miyendo pawo. Ndinatsika pa Kamphata, mkukwera kabaza wa njinga yamoto kulowera ku Nkhoma, phiri lija litangoonekera basi misozi inayamba yokha, wakabaza mpaka kufunsa kuti mayi muli bwinobwino?

Kumudzi ndinapeza amayi a Chigwirizano angapo afika kale, atakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango. Palibe anawaitana. Anangomva kuti lero ana a amayi busa (agogo anali mkazi wa abusa) akumana ndiye anabwera ndi ufa, wina nkhuku, wina mtolo wa nkhuni. Tinayamba ndi pemphero kenako kumanda kukasesa, tabwerako mpamene azakhali anatulutsa sutikesi ija pansi pa bedi.

Munalibe zambiri. Yunifolomu yawo ina, bulauzi yoyera ndi siketi yakuda ndi duku, zositidwa bwino ngati mawa akupita ku msonkhano. Buku Lopatulika lachikuto chong'ambika lomwe analikutira ndi chidutswa cha chitenje, buku la Nyimbo za Mulungu, ma Mlozo akalekale (timabuku totsogolera kuwerenga Baibulo tsiku ndi tsiku) omangidwa ndi chingwe, magalasi amwendo umodzi. Ndiye pansi penipeni panali makope asanu a sukulu aja.

Makopewo ndi amene andisowetsa tulowa. Tsamba lililonse ndi mayina okhaokha, olembedwa ndi pensulo, zilembo zikuluzikulu zopendama zija. Pambali pa dzina kamawu kamodzi: mayeso, mimba, mowa, ndende, banja, chifuwa. Ena anawadula mzere mkulemba kuti "wayankha". Ine ndinkadziwa kuti agogo amadzuka kusanache mkugwada pakhonde la kuseri, tili ana timangomva kung'ung'udza tili mbulangete, koma sindinkadziwa kuti amachita kutiwerenga mmodzimmodzi chonchi. Dzina langa ndalipeza kambirimbiri. Pena analemba "Fomu 4", pena "ntchito", ndiye pena pa chaka chomwe ndinasiya kupita ku tchalitchi anangolemba kuti "abwerere". Sanandikalipirepo olo tsiku limodzi za nkhani imeneyo. Ndikapita amangoti mkazi mnzanga wabwera, khala apa udye mbatata.

Mayi wina wachikulire atamva ndikuwerenga anayamba kufotokoza zomwe ife adzukulu sitinazione. Akuti agogo aamuna akatumizidwa ku mpingo wina, agogo amamanga katundu osafunsa funso, kusiya munda chimanga chisanakhwime, kukayambanso moyo wina kwa anthu achilendo. Abusa amatenga njinga kupita mmiraga masiku angapo, pa manse mkutsala agogo ndi ana komanso aliyense amene wagogoda. Mtsikana wothawa kwawo ali ndi pakati, mayi womenyedwa usiku, mlendo wochedwa panjira, onsewo amathera pa manse. Chilangizo cha atsikana ndi iwo, kusambitsa maliro ndi iwo, kuphika pa nthawi ya Mgonero anthu atabwera kuchokera kutali ndi iwo. Malipiro analibe. Pa chikwangwani cha tchalitchi pamalembedwa dzina la abusa basi, ndipo zoona zake anthu ambiri anazamva dzina lawo lenileni tsiku la maliro powerenga mbiri, zaka zonsezi anali amayi busa. Zimenezi zimandiwawa ndithu, sindibisa. Timakamba za kuyambika kwa mishoni ya Mvera mu 1889, za amishoni a Dutch Reformed, za mishoni ya Nkhoma mu 1896, mayina a azibusa timawaloweza, koma amayi amene ankasunga mipingoyi abusa ali paulendo sitiwalemba paliponse.

Za njala ya 2002 ndiye ndikukumbuka ndekha, ndinali wamkuluko. Agogo aamuna anali atapuma kale ubusa, mnyumba munalibe kanthu, anthu mmudzi akudya madeya ena mpaka zitsa za nthochi. Agogo amaphika phala la madeya mumphika waukulu uja wa pa zikwati, ana a mmudzi amafola ndi timbale. Ine tsiku lina ndinadandaula kuti nanga ife titsala ndi chani, iwo anangondipatsa chipande kuti gawira anzako, uyambire wamng'onoyo. Usiku umenewo ndinawaona akumwa madzi otentha okha opanda olo shuga.

Si kuti anali ofewa nthawi zonse ayi. Lamulungu kunalibe kuchapa, kunalibe kusinja, ndipo ukalakwitsa yankho la Katekisima umabwereza mpaka nsima kuzizira. Siketi yaifupi amaiona ali patali. Koma ukadwala malungo ndi iwo omwewo amagona pansi pambali pako usiku wonse dzanja lili pamphumi.

Masana tinadya nsima ya nkhuku ndi nkhwani wotendera, amayi aja anaimba nyimbo ziwiri zomwe agogo ankazikonda, azakhali anawerenga Salimo 121 mawu akunjenjemera. Pogawana, yunifolomu yapita kwa azakhali poti ndi a Chigwirizano, Baibulo tasungira amalume ali ku Johannesburg, ine ndinapempha makope. Palibe anakana.

Mu minibasi pobwerera ndimangowatsegula. Pali dzina limodzi lachimuna lomwe likupezeka mmakope onse asanu, kuyambira loyamba mpaka tsamba lomaliza lomwe zilembo zayamba kale kugwedera, pambali pake sanalembe vuto lililonse ndipo sanalidule mzere. Azakhali sakumudziwa, amayi a Chigwirizano aja sakumudziwa. Ndajambula ndi foni mkutumiza pa gulu la banja la WhatsApp, onse awerenga koma mpaka pano palibe wayankha. Mawa ndiwaimbira amalume tikaweruka ku tchalitchi.