Masiku atatu ndikulimbana ndi Reply-To

Usiku wathawu ndagona cha m'ma 1 koloko, zala zitauma ndi chisanu cha kuno ku Bembeke, koma kakompyuta kanga kakang'ono ka Raspberry Pi kayamba kumva zonena zanga. Kwa amene mwangobwera kumene: m'menemo muli kapulogalamu ka Python kamene kamalandira imelo pa adiresi imodzi ya kalabu yathu ya alimi a mbatata ya kachewere, n'kuigawa kwa tonse 23.

Chipongwe ndinadzichita ndekha. Ndinaika adiresi ya gulu pa Reply-To, mzere wa mu imelo wosonyeza kumene yankho lipite, poganiza kuti ndikuthandiza, kuti munthu akadina Reply yankho lifike kwa aliyense. Sabata yatha mayi wina anayankha atcheya za ngongole ya feteleza imene sanamalize kubweza, iwo akuyesa akulankhula awiriwiri. Tonse tinawerenga. Lamlungu kutchalitchi ndinasowa poyang'ana.

Adiresi ya guluyo ndinaichotsa pa Reply-To tsiku lomwelo. RFC 5322 ya 2008, chikalata cha malamulo a kalembedwe ka imelo, imanena kuti Reply-To ndi malo amene wolemba kalata akusonyeza kumene akufuna kuyankhidwa. Ndi ya mwini kalata, osati ya ine wonyamula. Yankho la gulu likasochera kwa munthu mmodzi mumangolitumizanso, koma chinsinsi chikafika kwa anthu 23 simungachitolenso.

Chimene chinandidyera masiku ndi china. Makalata a anzathu anayi ankangobwerera. Ndinayamba kukayikira khadi ya SD, imene imasunga zonse za m'kachipangizoka, poti ija ndinagula chaka chatha itangotchipa inafa mwezi usanathe. Panopa ndimagula kwa mkulu wina wokonza mafoni pa Dedza boma, amene amakuyeserani kaye musanalipire, ndipo ndi yemweyo anandipezera batire ya njinga yamoto yoti kachipangizoka kasazime magetsi akathima. Koma khadi inalibe mlandu. Inali DMARC, njira yotsimikizira kuti kalata yachokeradi ku adiresi yolembedwa pa From, mzere wa wotumiza. Kuyambira mu April 2014, pamene Yahoo inaika p=reject, kutanthauza kuti kalata yolephera mayesowa ikanidwe, makina ogawa makalata sangangosiya adiresi ngati ya Yahoo pa From ngati asintha kalatayo. Ine ndimawonjezera dzina la kalabu pa mutu wa kalata, DKIM, siginecha ya pa kompyuta yotsimikizira kuti kalata sinasinthidwe, n'kusweka, makina olandira n'kukana.

Ndiye ndinalemba From mwatsopano: dzina la wolemba, "kudzera pa kalabu", adiresi ikhale ya gulu. Makalata anayamba kudutsa. Ndinasangalala mpaka nditadina Reply. Yankho linalunjikanso kwa onse, chifukwa From tsopano ndi gulu! Dzenje lomwe lija, kungoti ndalowera mbali ina. Masiku awiri ndikungozungulira pamenepa.

Mmene zakhalira: From ndi ya gulu, adiresi yeniyeni ya wolemba ndaibweza pa Reply-To, ndipo ngati anaika yake kale sindiikhudza. Gulu likhale pa To. Mailman, pulogalamu yodziwika yogawira makalata ku magulu, imachitanso chimodzimodzi mukaiuza kuti isinthe From, ndikanangoyamba kuona kumeneko. Ndawonjezanso List-Post, mzere wosonyeza adiresi yolembera ku gulu, ya mu RFC 2369, yomwe ilipo kuyambira 1998. Message-ID ndi References, mizere yolumikiza yankho ndi kalata yoyamba, sindisintha, kuti nkhani imodzi izikhala pa mzere umodzi. Pa pulogalamu ya imelo ya Thunderbird, ndikadina Ctrl+Shift+L yankho likupita kugulu, Reply wamba kwa munthu. Pa inzake yotchedwa Mutt ndi L basi.

Koma kalabu yathu ndani ali ndi laputopu? Ine ndi alembi. Ena onse ali pa foni, ndipo mapulogalamu amene ali nawo amangoonetsa Reply ndi Reply All. Kwa ine pulogalamu iliyonse ya imelo ikaona List-Post imayenera kufunsa poyera kuti "kwa wolemba kapena kwa gulu?", m'malo moti ife ogawa tizinamiza mitu ya makalata. Loweruka ndikawaphunzitsa anzanga za Reply All pamsonkhano, ngati sakatanganidwa ndi mitengo ya ku Lizulu.

Tikakumba mbatata ndikufuna kuyesa kupanga kapulogalamu kanga ka imelo ka pa Android ka mabatani atatu, mawu onse m'Chichewa. Mwinanso kulumikiza ndi SMS. Kotlin, chinenero cholembera mapulogalamu a Android, sindinaiyambebe.