Ziro Imodzi Yomwe Inandichotsera Ulemu ku Mabvuku

Mayeso a MSCE ndinalemba kalekale kwathu ku Malawi, ndipo phunziro la Physical Science ndinalikhoza, nkhani yomwe wachibale aliyense muno mu Harare anaimvapo kangapo kuchokera pakamwa panga pomwe. Choncho pamene achemwali anga, omwe ndimakhala nawo ku Mabvuku, anadandaula kuti mwana wawo wamkazi wa Fomu 4 akuvutika ndi masamu a kemisitiri pomwe mayeso a ZIMSEC a mu Novembala ali pafupi, ndinawauza kuti asataye ndalama kwa aphunzitsi apadera malume ake ali pakhomo.

Masiku oyamba zinayenda bwino. Ndinamufotokozera kuti mole ndi muyeso wowerengera tinthu tosaoneka ndi maso, monga momwe dazeni imawerengera mazira, kungoti mu mole imodzi muli tinthu 6.02 × 10²³. Tinapeza limodzi kuti mole imodzi ya madzi imalemera magalamu 18, ya mchere wa m'ndiwo 58.5, ndipo ya soda wothira mu therere 84, tikaphatikiza sodium 23, hydrogen 1, carbon 12 ndi oxygen 16 katatu. Mtsikanayo ankangolemba mwakachetechete, ine n'kumayesa kuti chete ameneyo ndi wa munthu amene wagoma ndi nzeru za malume ake.

Chinandipalamulitsa ndi mtima wofuna kuonetsa luso. Lachinayi lina masana, achemwali atapita ku Mvano ku mpingo wathu wa CCAP, ndinaganiza zoti mwanayo aone ndi maso ake kuti masamu sanama. Ndinatenga botolo lopanda kanthu la Mazoe, la malita awiri, ndi kukhuthuliramo viniga yense wa m'nyumba, mamililita 750. Ndinapezanso baluni yotsalira pa phwando lina ndi kubwereka sikelo kwa mayi wa kagolosale koyandikana nafe. Funso ndinalipanga ndekha, ndipo linali labwino ndithu: pakufunika soda wolemera bwanji kuti baluniyo ilandire mpweya wa carbon dioxide wokwana 1,200 cm³, podziwa kuti mole imodzi ya soda imatulutsa mole imodzi ya mpweyawu, komanso kuti mole imodzi ya mpweya uliwonse imadzaza malo a 24 dm³, omwe ndi 24,000 cm³?

Iye anagawa 1,200 ndi 24,000, napeza 0.05, nachulukitsa ndi 84, ndipo ananena motsitsa mawu kuti yankho ndi magalamu 4.2, omwe sadzadza ngakhale kasupuni ka tiyi. Ine ndinali nditawerengera kuseri kwa katoni, ndipo ndinapeza mole 0.5, kutanthauza magalamu 42. Ndinaseka mwachifundo.

"Malume, ndikuona ngati mwasiya ziro imodzi," anatero akuloza 2,400 amene ndinalemba.

Sindinayang'ane n'komwe pamene ankaloza. Ndinamuuza kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo kuti ine ndinayamba kuwerengera ma mole iye asanabadwe. Mwana woleredwa bwino sapikisana ndi malume ake, choncho anangotenga buku lake ndi kukaima kumbuyo kwa chitseko, chinthu chomwe munthu wanzeru akanachitenga ngati chenjezo.

Ndinayeza magalamu 42, omwe anali pafupifupi soda yense wa achemwali, ndi kuwalowetsa m'baluni ndi pepala lopinda. Nditamangirira baluniyo kukamwa kwa botolo, ndinaiimika kuti soda agwere m'viniga. Botolo linayera pomwepo, thovu linakwera ngati thobwa losasa, baluni inafika msinkhu wa lalanje, kenako wa dzungu, ndipo inapitirira pomwe ine ndinali kuyembekezera kuti iime. Theka la mole ya mpweya ndi malita 12, ndipo palibe amene anafunsa baluni ija ngati ingakwanitse. Chikanandipulumutsa ndi kuchepa kwa viniga, pakuti asidi akatha soda wotsala amangokhala pansi osachita kanthu, koma ine ndi manja anga ndinali nditathira viniga wokhala ndi asidi woposa theka la mole, wokwanira kudya soda yenseyo.

Pa nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, ndipo achemwali analowa ndi amayi awiri a Mvano omwe anawaitana kudzamwa tiyi, onse atavala mabulauzi ndi maduku oyera mbee. Baluni inafwamphuka pabotolo, inazungulira m'chipinda ikulavula thovu, ndipo botolo linapoperanso lake molunjika pakhomo. Mayi mmodzi anafuula dzina la Ambuye, winayo anadzitchinga ndi buku la nyimbo, ndipo achemwali anangoima chiimire, thovu likutsetsereka pa duku, n'kundifunsa mofatsa kwambiri kuti, "Achimwene, ndiye kemisitiri yanu ija imeneyi?"

Ndinayesa kudziteteza mwasayansi. Ndinafotokoza kuti mzinda wa Harare uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, kotero mpweya umafutukuka kuposa momwe mabuku amanenera, zomwe ndi zoona ndithu. Amayi aja anayamba kugwedeza mitu ngati akukhutira, mpaka mtsikana uja anatuluka kuseri kwa chitseko, wouma bwinobwino, nanena mwaulemu wonse kuti kukwera kwa malo kumawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, pomwe za malume zachuluka kakhumi. Kenako anaonetsa alendo katoni ija, ndipo mmodzi mwa amayiwo, yemwe amagulitsa tomato, anaiona ziro yosowayo asanavale n'komwe magalasi.

Madzulo amenewo therere silinaphikidwe, ndipo mabulauzi atatu ndinachapa ndine, anthu a m'nyumba zoyandikana akusuzumira pampanda. Masiku ano ndikamapita ku Mbare Musika kukagula zapakhomo, achemwali amatuma mtsikanayo kuti andiperekeze, akuti akandithandize kunyamula katundu, koma ndalama amapatsira iyeyo.