Tepi ya pakhomo la chiwindi

Sabata ino m'fiyeta mwathu munachuluka maopaleshoni a chiwindi a timabowo, aja timapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba n'kulowetsamo kamera ndi zitsulo zazitali.

Chiwindi chikayamba kukha magazi sichichita masewera. Chimalandira pafupifupi kota ya magazi onse amene mtima umapopa, ambiri kudzera mu portal vein, otsalawo mu hepatic artery. Mitsempha iwiriyi imalowera khomo limodzi ndi njira ya ndulu, ndipo dokotala wa maopaleshoni James Hogarth Pringle wa ku Glasgow analemba mu 1908 kuti ukafinya pamenepo kukha kwa magazi kumachepa. Mimba ikakhala yotsegula, zala zimakwanira. Kwa ife dzanja sililowa, n'chifukwa chake tisanadule chilichonse timakulunga tepi, kachingwe kofewa, pakhomopo, nsonga zake n'kuzitulutsira kunja kudzera m'kachubu. Ukakankha kachubuko, mitsempha yatsekeka.

Lolemba tepiyo inangokhala, sitinaikoke n'komwe. Chotupa chinali cham'mphepete.

Lachitatu ndiye tinatuluka thukuta. Wodwalayo anachotsedwapo kale ndulu, zipsera zinamata matumbo pomwe tepi imadutsa, ndipo kumatula kokhako kunatidyera nthawi kuposa kudula chotupacho. Mnzanga ankati tingoyamba popanda tepi. Ndinakana. Magazi akathovokera pakamera, pasikirini pamangofiira, ndiye tepiyo uidutsa bwanji osaona?

Titatseka mitsempha ija, asisitala anayang'ana wotchi. Mphindi 15 tatseka, mphindi 5 tamasula kuti chiwindi chipume. Zisanuzo zimatalika, chifukwa umangotsindira gozi pabala n'kumadikira. Akati "Adokotala, nthawi yakwana," palibe zopempha kamphindi kena, makamaka chiwindi chikakhala cholimba ndi matenda a zipsera otchedwa cirrhosis, chomwe sichipirira kusowa magazi.

Lachisanu tinatseka bwinobwino koma magazi akuda ankatulukabe. Amenewo sachokera pakhomo, amabwerera cham'mbuyo kuchokera m'mitsempha yotulutsa magazi m'chiwindi, ndipo tepi ilibe nawo mphamvu. Apa timadalira adokotala ogonetsa odwala. Iwo amachepetsa madzi a dilipi kuti pulesha ya m'mitsempha ikuluikulu ikhale pansi pa 5 mmHg (muyeso wa pulesha), pamene mpweya wam'mimba, womwe timausunga cha m'ma 12 mmHg, umathandiza kutsindira. Kuopsa kwake n'koti mpweyawo ungalowe mumtsempha wobooka, choncho maso awo sanachoke pamonita mpaka nditasoka kabowoko.