Magwafa a pa Liwonde: lipoti la ulendo wathu wa ku Zomba

Inu a m'gulu lathu lowerenga mabuku amene munatsala, musamvere zomwe a Mlamu akufalitsa zoti tinagona pamsewu. Sitinagone pamsewu ayi. Tinangokhalapo maola anayi, ndipo ine mlembi wanu ndikuti pa ndalama zonse zija tinasonkha, maola anayi amenewo ndiwo anabweza phindu.

Pangano linali lonyamuka ku Lilongwe 5 koloko m'mawa Loweruka. Tinanyamuka itadutsa 6 chifukwa Mayi Msungichuma anakana kuti minibasi isunthe asanawerenge anthu kawiri ndi ndalama katatu. Tinalipo 14, mabuku atatu okha a We Need New Names, aja takhala tikupatsirana miyezi iwiri. Limodzi lilibe chikuto, ndipo nonse mukudziwa kuti linanyowera kunyumba kwa yani.

Pa Lizulu a Sekuru anachita zawo za masiku onse: kuwoloka msewu, kuima tsidya linalo, n'kukuwa kuti afika ku Mozambique opanda pasipoti. Tinaseka mwaulemu. Chipisi cha kachewere wa kumeneko ndicho sindingachinenere choipa. Kuchoka apo Ntcheu, Chingeni, Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, Domasi, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo phiri la Zomba linali litatiimirira kutsogolo.

Anzathu a ku Zomba anatilandira bwino m'kalasi yomwe anabwereka. Anatikumbutsa kuti mzinda wawo unali likulu la dziko mpaka 1975, kuti ku Chancellor College kunayamba gulu la alembi mu 1970, komanso kuti ndende ya Mikuyu, kumene Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991, ili kufupi komweko. Tinaphunzira kuti iwo buku limakhala ndi munthu masiku asanu okha, wochedwetsa amalipira chindapusa, ndipo pamsonkhano aliyense amawerenga mokweza ndime imodzi yomwe inamukhudza. Komiti iona zoti titengereko. Chindapusacho Mayi Msungichuma achivomereza kale.

Zokambirana za m'kalasimo zinali zovala jekete. Aliyense ankayamba ndi "mlembiyu akufuna kutiphunzitsa kuti", ngati tikulemba mayeso a Fomu 4. A Wapampando athu analankhula mphindi khumi zathunthu, kuyamikira mlembi wa bukuli, NoViolet Bulawayo wa ku Zimbabwe, potukula dzina la Africa pomwe bukuli, lotuluka mu 2013, linafika m'ndime yomaliza ya mphoto ya Booker. Anawomberedwa m'manja. Sungani mfundo imeneyi, tibwererako.

Moto pang'ono unayaka Aphunzitsi ataimirira ndi buku lodzaza mizere ya bolopeni yofiira (buku la gulu, osati lawo). Anati pa zaka zonse anaphunzitsa sanaonepo nthano yaitali yopanda mwambo chonchi: ana otukwana, mwana kumutchula Bastard, kamtsikana ka zaka 11 kukhala ndi pakati, ndipo mlembi osadzudzula ngakhale pamodzi. Mtsikana wathu wa ku koleji anayankha modzichepetsa kuti iye zotukwanazo sizinamuvute, chomwe chinamunyansa n'chakuti mutu uliwonse uli ndi tsoka lake, uwu Edzi, uwu mneneri wonyenga, uwu azungu a mabungwe ojambula ana osauka, ngati munthu akuyala tomato kuti ogula akunja aone. Ine mumtima ndinali kumbali yake. Koma nsima ya chambo inafika, nkhani n'kufera pomwepo.

Pobwerera, pa Liwonde, a Wapampando anagula jumbo yodzaza magwafa. Titangodutsa mphambano ya ku Mangochi kulowera ku Balaka, tayala lakumbuyo linaphulika. Adalaivala anaimika bwino, Mulungu alemekezeke. Sipeya inalipo, koma mpweya munalibe. Kondakitala anakwera kabaza wa njinga yamoto, tayala pamiyendo, ndipo anatiuza kuti abwera pompano. Inali cha m'ma 4.

Tinayala zitenje pansi pa mtengo. A Wapampando anayamba magwafa, kumeza ndi njere zomwe. Lachitatu, lachisanu, lachisanu n'chiwiri. Mayi a Mapasa anawayang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa mofatsa: "Bambo, bukuli munawerengadi?" Anati inde. "Nanga ana aja akaba magwafa ku Budapest, kumayadi kwa anthu olemera, n'kudya ochuluka, chimawachitikira n'chiyani kutchire?" Zii. Abale, nkhani ya kudzimbidwayo ili m'mutu woyamba weniweni! A Mlamu anagubuduka m'fumbi. Aphunzitsi, amene sitinawaonepo mano chiyambire gulu, anabisa nkhope m'mpango mapewa akugwedezeka. A Wapampando anavomera ngati mwamuna kuti anawerenga kuchikuto kokha, zina zonse anafunsa foni. Magwafa otsalawo anawapereka ku gulu.

Kusekako ndiko kunatsegula pakamwa. Aphunzitsi anabwerera ku dzina lija, a Sekuru n'kuwadula: "Mayi, ku Halale a Godknows tinkaphunzira nawo kalasi imodzi. Ndipo ife otcha ana Mavuto, Masiye, Maliro, tiseke yani?" Kenaka anatiuza zomwe pa zaka zonsezi sanatiuzepo. Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi kukafuna ntchito, iwo n'kubadwira ku Mbare. Kumeneko ankatchedwa Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, chikhalirecho Blantyre anali asanamuone. Atabwera kuno anasanduka "a ku Halale". Mu 2005, boma la Zimbabwe likugumula nyumba pa Murambatsvina, kanyumba ka mlongo wawo kanapita nawo. Anati atafika pamene Darling, kamtsikana kofotokoza nkhani m'bukuli, akukumbukira mathirakitala akugwetsa nyumba za makolo awo, anatseka buku, n'kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka mdima. N'chifukwa chake analisunga milungu itatu. Ife tinkawanena kuti ndi ulesi, ndipo ine ndinawalembera uthenga wowawa. Pepani a Sekuru.

Dzuwa litapendeka Mayi a Mapasa analankhula, ndipo andilola kulemba izi. Mukudziwa kuti Chingerezi chawo n'cha Sitandade 6. Mdzukulu wawo ndiye ankawawerengera usiku n'kumamasulira. Anati za magwafa ndi masewera a ana ankangoseka, koma Darling atapita kwa azakhali ake ku Michigan, buku linayamba kunena za m'nyumba mwawo. Muli mutu wina wa anthu amene anachoka kwawo, mapepala n'kuwathera, moti makolo akamwalira amangolirira pafoni chifukwa akapita sangabwererenso. Mmodzi wa mapasa aja ali ku Joni chaka chachisanu n'chiwiri. Pa maliro a bambo ake anatumiza ndalama ya bokosi, iye osabwera. "Ndakhala ndikumuyankha mwachidule akaimba," anatero. "Ndinkati mwana anatitaya. Usiku umenewo ndinamuuza mdzukulu kuti abwereze mutuwo, m'mawa ndinaimba ndine." Palibe anakhosomola. Ngakhale adalaivala, amene poyamba ankatiseka kuti anthu akuluakulu kukanganirana nkhani zopeka, anali atazimitsa wailesi.

Mtsikana wa ku koleji sanagonje, ndipo ndinamukonda pa chimenecho. Anati Chipo, mnzake wa Darling wotsala kumudzi uja, ananena zoona kumapeto pomuuza kuti wothawa nyumba ikupsa asamadzitche mwini dziko. Mayi a Mapasa anati, "Mwanawe, dikira uyambe kudya ndalama za wothawayo." Aphunzitsi anatseka ndi chigamulo chawo: mutu umenewo ndi wabwino, koma kutukwana kuja sakukhululuka. Ine ndikuonabe kuti theka la ku America ndi lomwazika, ndipo tomato uja anayalidwadi. Kungoti ndime yomwe ine ndinaidumphadumpha pofuna kuti buku lithe, ndi yomwe mayi wa Sitandade 6 anaimva kawiri.

Kondakitala anatulukira mdima utagwa, akuti kunali kuzima kwa magetsi, mpweya anachita kupopa pamanja. Tinalowa mu Lilongwe itadutsa 1 koloko usiku.

Zikomo anzathu a ku Zomba chifukwa cha chambo ndi ulemu. Tikukudikirani, ndipo kwathu mudzakambira pamkeka. Zikomo Mayi Msungichuma pobisa ndalama yapadera imene inalipira kabaza, sitidzadandaulanso za kuwerenga katatu. Zikomo a Mlamu chifukwa cha tochi, ngakhale inali yobwereka. Zikomo amuna ndi akazi athu amene munatitsegulira zitseko usiku osafunsa zambiri. Buku lopanda chikuto lija silikuoneka. Womaliza kuligwira anali adalaivala, ndipo komiti yagwirizana kuti awapatse masiku asanu. A Wapampando sanabwere kutchalitchi Lamulungu. Titawaimbira anati ali bwino, akuwerenga mutu woyamba.