Bilimankhwe wokwana pansonga ya chala

Lachiwiri. M'mawa ndikuthirira tomato, ndinamva ana a aneba akukuwa kumpanda, miyala ili m'manja. Anali bilimankhwe wobiriwira, phazi limodzi lili m'mwamba ngati akuyamba waganiza kaye poti aponde. Ndinawaletsa, n'kumunyamula ndi kamtengo kukamusiya mumtengo wa mango. Kamtsikana kena kanati, "Ankolo, ameneyo amaluma!" Ndinakauza kuti iyeyo ndi amene akutiopa.

Tsiku lonse nyamayi sinandichoke m'mutu, ndiye madzulo ndinakhala pakhonde n'kumawerenga pafoni za abale ake a pachilumba cha Madagascar, kutsidya kwa nyanja kuchokera ku Mozambique. Kumeneko kuli pafupifupi theka la mitundu yonse ya abilimankhwe padziko lapansi.

Amene wandigwira mtima ndi Brookesia nana. Anamupeza mu 2012 m'nkhalango ya mvula ya kumapiri a Sorata, kumpoto kwa chilumbachi, ndipo dzina anamupatsa mu 2021. Anapeza awiri okha, wamwamuna ndi wamkazi. Wamwamunayo, kuyambira kumphuno mpaka kunsonga ya mchira, sakwana mamilimita 22. Ndinatenga rula ya mwana wanga n'kuyeza pachala changa. Sanafike ngakhale pamfundo yachiwiri! Ndi wofiirira, masana amasaka tizilombo m'masamba ofota pansi, usiku amakwera paudzu kukagona. Gulu lonse la Brookesia silipezeka kwina kulikonse koma ku Madagascar.

Chimene sindinkachidziwa n'chakuti tiabilimankhwe tating'ono ta m'nkhalango za phiri la Mulanje, ta gulu la Rhampholeon, akatswiri ankatiika m'gulu lomweli la Brookesia. N'zomveka: tonse n'tating'ono, tofiirira, michira yaifupi, tokhala pansi. Atafufuza mozama anaona kuti kufanana nkhope si ubale, n'kutilekanitsa. Ku Mulanje komweko kulinso wina amene dzina la gulu lake ndi Nadzikambia, lochokera ku mawu athu omwewa akuti nadzikambe. Pamenepo ndinamwetulira ndekha mumdima.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti malo okhawo amene Brookesia nana amadziwika ndi phiri limodzi lija, ndipo nkhalango za ku Madagascar zikudulidwa.

Ndisanagone ndinapita ndi tochi pamtengo wa mango uja. Ndinamupeza atagona kunsonga ya nthambi, atayererako, mchira ataupinda ngati nkhata.