Wobwereka munda sadzala nsangu

Kwathu ku Mwansambo, m'boma la Nkhotakota, ulimi wa mleranthaka si wachilendo. Kwa zaka zambiri a bungwe la Total LandCare ndi akatswiri a CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu, akhala akuuyesa m'minda ya alimi kuno ndi ku Zidyana, moti ngakhale mwana wa pulayimale angakutchulireni mfundo zake: osagaula, kuphimbira ndi mapesi, kasinthasintha wa mbewu. Amene anaugwiritsitsa amachitira umboni kuti mvula ikadula mu Januwale, chimanga chawo chimachedwa kufota. Komabe ukayenda mu Okutobala, minda yambiri umaipeza yakuda bii ndi phulusa, mizere itaungidwa kale monga mwa nthawi zonse. Funso lakuti n'chifukwa chiyani anthu amasiya chinthu chomwe akuchidziwa ubwino wake ndi lomwe linandikankhira ku maphunziro a ndondomeko za ulimi ndi malo. Anzanga ambiri anasankha za mbewu ndi ziweto. Ine amalume amandifunsabe kuti kodi munthu wophunzira zimenezi amagwira chiyani m'manja.

Patchuthi ndinalowa nawo pabwalo pomwe ankakambirana malamulo a m'mudzi okhudza ziweto ndi moto. Mlangizi atamaliza kufotokoza za kuphimbira, mayi wina anagwada, nawomba m'manja, n'kunena kuti: "Afumu, mapesi ife tinayala, sitinakane. Koma mbuzi zomwe zinamaliza mapesiwo zimagona m'khola la kwanu." Anthu anaseka, afumu nawo anaseka, koma nkhani inathera pomwepo kwa kanthawi. Mwambo wathu ndi wakuti anthu akakolola ziweto zimatayiridwa. Anyamata osaka mbewa nawo amayatsa moto womwe sufunsa kuti malire ali pati. Mlimi mmodzi sangathane ndi zimenezi ngakhale atalimbikira chotani. Pamafunika lamulo lomwe mudzi wonse wagwirizana, lokhala ndi chindapusa chomwe ngakhale mbale wa mfumu angalipire. Tsiku limenelo anagwirizana za moto wokha, za mbuzi anati adzakumananso.

Chachikulu kuposa mbuzi ndi umwini wa munda. Masiku ano minda yambiri kuno ndi ya lendi. Munthu amabwera ndi ndalama, n'kubwereka maekala angapo kwa chaka chimodzi kuti alime mtedza kapena soya. Munthu wotereyu sangathire manyowa, sangadzale vetiva pa akalozera, ndipo nsangu ndiye sangauganizire n'komwe, poti mtengowu umatenga zaka kuti masamba ake ayambe kubwezeretsa chonde. Wina anandiuza mosabisa kuti ukaukonza bwino munda wa eni, chaka chamawa amakulanda kapena kukukwezera mtengo. Mkamwini naye maganizo ake ndi omwewo: munda ndi wa mbumba ya mkazi wake, ndipo banja likatha amachoka ndi bulangete lokha. Sindikunyoza chikamwini, chifukwa ndi chomwe chateteza amayi ambiri kuti asakhale opanda polima. Ndikungoti amene amalemba mapulojekiti a mitengo osafunsa kuti mundawo ndi wa yani amawononga mbande.

Apa m'pomwe kuwerenga malamulo kunayamba kundikoma. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kusinthidwa zina mu 2022, limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo n'kukhala ndi chikalata. Linakhazikitsanso makomiti a malo otsogozedwa ndi gulupu, okhala ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa iwo osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Papepala n'zabwino. Koma chikalata chili ndi mbali ziwiri: chimamulimbitsa mtima mlimi kuti asamale nthaka, komanso chikhoza kuchititsa kuti malo asavute kusinthana ndi ndalama njala ikavuta. Kuno kunyanja, komwe malo akufunidwa ndi omanga malo ogona alendo komanso olima nzimbe monga ku Dwangwa ndi ku Salima, mbali yachiwiriyi siyofunika kuiyiwala. Komiti yomwe sinaphunzitsidwe bwino imangosainira zomwe akuluakulu apangana kale.

Phunziro lina lomwe sindinkaliyembekezera ndi la bajeti. Mu 2003 ku Maputo atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza kuika 10 peresenti ya bajeti ku ulimi, ndipo anabwerezanso lonjezolo ku Malabo mu 2014. Dziko lathu lakhala likufika pamenepo zaka zambiri, koma gawo lalikulu limapita ku feteleza wotsika mtengo, kuyambira makuponi a 2005 mpaka pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP yomwe inayamba mu 2020. Zotsalira alangizi ndi nthambi yosamalira nthaka n'zochepa. Chonsecho kafukufuku wa FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, anapeza kuti pofika 2014 m'dziko muno, tikatengera pakatikati, hekitala inkataya pafupifupi matani 29 a dothi pachaka. Dothilo timaliona ndi maso mu Bua ndi mu Linthipe mvula ikagwa, madzi ali psuu kulowera kunyanja. Kuthira feteleza pa nthaka yotere kuli ngati kutunga madzi ndi lichero. Komabe ndaona kuti amene angaime pagulu n'kunena kuti makuponi athe sangapeze womumvera, ngakhale amayi anga omwe. Chomveka n'kupempha kuti thumba la feteleza lidziyendera limodzi ndi manyowa, mbewu za nyemba ndi mlangizi woti afike pamunda.

Ntchito yeniyeni ya wophunzira ndondomeko za ulimi ndi malo ilibe ulemerero womwe anthu amaganiza. Yambiri ndi kuwerenga zikalata zazitali n'kuzifinya kuti zikwane masamba awiri, oti phungu wa m'komiti ya zaulimi ku Nyumba ya Malamulo awerenge asanatope. Mabungwe oona za ulimi, malo ndi chilengedwe monga CISANET, CEPA, LandNet ndi Farmers Union of Malawi amapereka maganizo nduna ya zachuma ikamafunsa anthu bajeti isanalembedwe. Kumaboma kuno njira yake ndi ya komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kenako ya dera la mfumu yaikulu (ADC), mpaka kukhonsolo, ndipo nkhani yomwe sinalowe mu pulani ya chitukuko cha boma siipeza ndalama. Ntchito zambiri n'za kontirakiti, zodalira thandizo lakunja, ndiye wofuna penshoni aganize kawiri. Palinso msampha wa misonkhano: ku Senga Bay mahotela amadzadza ndi anthu okambirana za mlimi, mlimiyo ali kudimba ku Lifuwu osadziwa kuti akukambidwa. Alawansi ndi yokoma, sindinama, koma ikakuzolowera umayamba kuyeza ntchito ndi kuchuluka kwa mawekishopu.

Kafukufuku wanga womalizira ndasankha kuti akhale wa minda ya lendi. Ndikufuna kuona ngati pangano lolembedwa la zaka zingapo, losainidwa pamaso pa mfumu ndi komiti ya malo, lingachititse wobwereka kuthira manyowa popanda mwini munda kuopa kuti malo ake apita. Eni minda omwe ndacheza nawo kale akuti zaka zitatu angalole, bola mtengo udzikambidwanso chaka chilichonse. Obwereka akuti mtengo ukamasintha chaka ndi chaka ndiye kuti panganolo palibe. Mfundo imeneyi ndi yomwe ndikukaikanso pabwalo mwezi wamawa, mbali zonse ziwiri zilipo.