Maliro a kirimu ku Devon

Popeza wina wayamba kale kufalitsa nkhaniyi pagulu lathu la WhatsApp, uku akuthira mchere wake, bola muimve kwa mwini wake. Kirimu wa kuntchito kutaya ndinatayadi. Koma zoti ndinaitana ambulansi ndi bodza lamkunkhuniza.

Sabata yomweyo, kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito ku Devon, chigawo cha ku England, anali atatichititsa maphunziro. Mawu amene anatikhomerera m'mutu anali clot: magazi oundana m'mitsempha, aja amatupitsa mwendo, akathawira kumapapo munthu n'kutsamira mkono. Ukangomva clot, usafunse, thamanga.

Ndiye Loweruka ndikutsegula firiji, n'kupeza chikontena cholembedwa clotted cream. Kuvundukula, pamwamba pali nkhanambo yachikasu, yokhakhala. Kupendeketsa, zii, osasuntha. Abale, ine ndinakulira chambiko, uwende ndadya, zoundana sindiziopa. Koma ichi chinachita kulembedwa dzina la matenda pachivundikiro.

Ndinavala magolovesi awiriawiri, epuloni, ndi chophimba kukamwa. Ndinachinyamula ndi manja onse, nditatambasula mikono, mutu nditatembenuzira kumbali kuti ndisapume mpweya wake. Ndinayenda pang'onopang'ono khonde lonse ngati wonyamula bokosi la mfumu. Gogo wina amene anali panjinga yake anandipatukira, mpaka anavula chipewa. Ndinachiika m'thumba lachikasu la zinyalala zachipatala, kumanga mfundo ziwiri, kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kenako n'kukalemba m'buku la malipoti ndi dzanja langali kuti ndachotsa chinthu choopsa. Ndinasayina ndi dzina lonse.

Cha m'ma 3 koloko ndikuona agogo onse atchena zakutchalitchi, patebulo pali masikono, jamu ndi tiyi. Abwana atulukira kukhitchini maso ali psuu: "Kirimu ali kuti?"

Kani kirimuyo amapangidwa dala choncho. Amamutenthetsa pang'onopang'ono kwa maola ambiri, n'kumusiya azizire, ndipo nkhanambo ndinaithawa ija ndiye ulemerero wake. Wa ku Cornwall, chigawo choyandikana ndi Devon, dzina lake lili ndi chitetezo cha lamulo kuyambira 1998, mafuta ake osachepera 55 peresenti. Anthu a zigawo ziwirizi amakangana mpaka pano: ku Devon amayamba kupaka kirimu kenako jamu, ku Cornwall amayamba jamu. Tsikulo tonse tinayamba jamu n'kumalizanso jamu.

Agogo ena aamuna, mphunzitsi wopuma ntchito, anapezerapo kalasi. Akuti m'Chingelezi chamakedzana clott chinali chibuma chabe, ndipo clod, chibuma cha dothi, ndi m'bale wake. Kirimuyu kale ankamutchulanso clouted cream. Mkaka woundana, curd, poyamba unali crud. Ndipo gore, magazi oundana apabala, kalelo anali gor, kutanthauza ndowe. Ndinawayankha mwaulemu kuti agogo, mwazinena nokha: dothi, ndowe, magazi ndi chakudya cha alendo mwaziunjika mumphika umodzi, ndiye mlandu ukhale wa mwana wa ku Dedza?

Pomwepo gogo wamkazi wapakona, amene chibwerereni changa anali asanandiyankhulepo, anandiloza ndi supuni: "You clot!" Ine phazi pampando, kukwinya thalauza, kuyamba kupapasa katumba kuti ndione pamene patupa. Anthu anaseka mpaka wina mano oikirira anagwera m'tiyi. Kani mawu omwewo amatanthauzanso chitsiru.

Kirimu wina ndinakagula ndi ndalama zanga. Tsamba la m'buku lija abwana akukana kuti nding'ambe, akuti ndi chikalata cha ofesi.